Kalata Yofuna Maina Awiri

Pa kuwerenga kwathu kwa ulendo uno titenga nkhani ya kutali, ya ku United States of America, yokhudza masewera amene ambiri a ife sitinawaonepo ndi maso. Taisankha chifukwa muli funso limene limavuta kuliyang'anitsitsa likakhala la m'nyumba mwathu momwe: mwana akafika pa msinkhu wosankha njira ya moyo wake, mawu a kholo ayenera kulemera motani? Nkhani ya eni ake munthu amaimva mtima uli m'malo, ndipo mwina tikaimva choncho tidzatha kuona zimene zimatibisalira zikakhala zathu.

Tiyambe tadziwa masewerawo. Umene Aamerika amautcha football si mpira wamiyendo umene timauonera kuno. Mpira wake ndi wosongoka mbali zonse ziwiri, amaunyamula m'manja ndi kuuponya, ndipo osewera amavala zisoti zolimba ndi zotchinjiriza mapewa chifukwa kugundana ndi kugwetsana ndiwo mtima wa masewerawo. Chodabwitsa kwa ife n'chakuti matimu a mayunivesite ali ndi ochemerera ochuluka ngati matimu a akatswiri, m'madera ena kuposa. Bwalo la yunivesite ya Michigan limalowa anthu oposa 107,000, pamene Bingu National Stadium ya ku Lilongwe imalowa pafupifupi 41,000. Nick Saban, yemwe anali kochi wa yunivesite ya Alabama mpaka pamene anapuma mu Januwale 2024, ankalandira madola oposa 11 miliyoni pa chaka. Ndipo popeza ligi ya akatswiri, NFL, silandira mnyamata asanathe zaka zitatu chichokereni ku sekondale, yunivesite ndiyo khomo limene pafupifupi aliyense wofuna kukafika kumeneko amadzerapo.

Motero makochi a mayunivesite amayamba kusaka anyamata aluso adakali ku sekondale. Pali makampani, monga Rivals ndi 247Sports, amene ntchito yawo ndi kuyeza anyamatawa ndi kuwapatsa nyenyezi. Wa nyenyezi zisanu ndiye wapamwamba kwambiri, ndipo otere amakhala pafupifupi 30 okha pa chaka, m'dziko momwe anyamata oposa miliyoni imodzi amasewera mpirawu m'masekondale. Mnyamata wotere amalandira makalata ndi mafoni kuchokera ku mayunivesite makumimakumi. Chimene amamulonjeza ndi maphunziro aulere: fizi, chakudya, pogona ndi mabuku. Amamuitana kukaona sukulu yunivesite italipira ulendo, ndipo masiku ano imalipiriranso makolo ake. Kochi wamkulu amakwera ndege n'kukakhala pabalaza pa nyumba ya mnyamatayo, kudya chakudya chimene mayi aphika, kuyamikira zithunzi za pakhoma. Makochiwa si ana. Amadziwa kuti m'nyumba zambiri ukakopa mtima wa mayi, mwana wamupeza kale.

Kwa zaka 60, kuyambira 1964 mpaka 2024, kusaka konseku kunkathera pa pepala limodzi lotchedwa National Letter of Intent. Mnyamata akasaina, anali atadzimanga ku yunivesite imeneyo, ndipo masukulu ena onse ankayenera kusiya kumunyengerera. Tsiku lotchuka losainira linali Lachitatu loyamba la mwezi wa Febuluwale, ndipo kuyambira 2017 anaonjezera masiku ena mu Disembala. Koma pepalalo linali ndi lamulo limene ndilo latipatsa mutu wa kuwerenga kwathu. Ngati wosainayo sanakwane zaka 21, kalatayo sinkagwira ntchito popanda dzina la kholo kapena womulera. Anyamata ambiri osaina amakhala a zaka 17 kapena 18. Choncho pa kalata iliyonse pankafunika maina awiri: la amene akasewere, ndi la amene anamulera.

Nthawi zambiri maina awiriwa ankalembedwa mwachimwemwe. Koma nthawi zina ayi, ndipo dziko lonse linkaonera.

Mu Januwale 2012, Landon Collins, mnyamata wa ku Louisiana yemwe anali m'gulu la otchinga kumbuyo aluso kwambiri m'dzikomo, analengeza chisankho chake pa wailesi ya kanema ya ESPN, mayi ake atakhala pambali pake. Kwawo kunali ulendo wa pafupifupi theka la ola pa galimoto kukafika ku LSU, yunivesite yaikulu ya boma lawo ku Baton Rouge. Iye anasankha Alabama, mdani wamkulu wa LSU, yomwe kochi wake anali Saban uja, munthu amene kale anaphunzitsapo LSU. Mayi ake anapukusa mutu, ndipo atafunsidwa ananena poyera, kamera ikujambula, kuti kwa iwo LSU ndiyo inali yoyenera mwana wawo. Patangopita masiku ochepa, matimu awiriwa anakumana pa masewera omaliza olimbirana chikho cha dziko ku New Orleans, ndipo Alabama inapambana 21 kwa 0.

Chaka chotsatira, mu Febuluwale 2013, kunachitika zoposa pamenepo. Alex Collins, yemwe sanali pa ubale ndi Landon ngakhale dzina ndi limodzi, anali wothamanga ndi mpira wa ku South Plantation, kumwera kwa Florida. Poyamba analonjeza pakamwa kuti apita ku yunivesite ya Miami, kufupi ndi kwawo, koma kenaka anasintha maganizo n'kusankha Arkansas, mtunda wa makilomita oposa 1,500. Pa tsiku losaina mayi ake anakana kulemba dzina lawo, ndipo mwambo umene unakonzedwa unalephereka. Ankafuna kuti mwana wawo akhale pafupi. Tsiku lotsatira bambo ake ndiwo anasaina, popeza lamulo linkafuna dzina la kholo limodzi lokha. Ndipo mu 2018 Jacob Copeland wa ku Pensacola atatenga chipewa cha yunivesite ya Florida patebulo n'kuchivala, mayi ake, amene anavala juzi ya Alabama ndi chipewa cha Tennessee, anaimirira n'kuchoka anthu onse akuona. Patapita kanthawi anabwerera n'kumukumbatira.

Zithunzi zimenezi zinafalikira pa intaneti, ndipo ambiri anawaseka amayiwa kapena kuwatcha odzikonda. Ife tisafulumire. Tiyeni tiyambe tafunsa: kodi mayi amene wakhala pambali pa mwana wake pa tsiku lotere amaona chiyani chimene mwanayo, ndi ife oonerera, sitikuona?

Amaona, choyamba, kuti mwana wake wa zaka 17 wakhala akuuzidwa kwa zaka ziwiri ndi akuluakulu odziwa kulankhula kuti iye ndi wapadera. Munthu wamkulu weniweni mutu ungamuzungulire ndi mawu otere, nanga bwanji mnyamata? Amaonanso kuti malonjezowo ndi aakulu kuposa khomo limene akulozako. NFL imasankha osewera atsopano pafupifupi 250 okha pa chaka, ndipo mwa osewera a m'mayunivesite amene afika pa msinkhu wosankhidwa, osakwana awiri pa 100 alionse ndiwo amatengedwa. Otsalawo amatuluka ndi digiri ngati anaigwirira ntchito, kapena amatuluka chimanjamanja. Amaona kuti kochi amene akudya pabalaza pake lero akhoza kukhala atachoka mawa. Mu Novembala 2021, kutangotsala masabata ochepa kuti anyamata asaine, Lincoln Riley anachoka ku Oklahoma kupita ku USC, ndipo Brian Kelly anachoka ku Notre Dame kupita ku LSU, kusiya anyamata amene anawalonjeza kuti adzawalera ngati ana awo. Ndipo amaona thupi la mwana wake. Awa ndi masewera othyola mawondo ndi mapewa, ndipo ofufuza a ku Boston University apeza matenda a ubongo otchedwa CTE mwa osewera ambiri akale amene ubongo wawo unapimidwa atamwalira. Mwana akavulala Loweruka madzulo, pali kusiyana pakati pa chipatala cha theka la ola ndi cha makilomita 1,500.

Kholo limene likuona zonsezi n'kukhala chete chifukwa choopa kutchedwa lolowerera silinachite chilungamo. Pali ulemu wina wonama umene umati, "Ndi moyo wako, chita zimene ukufuna," pamene kwenikweni ndi kuthawa ntchito yovuta yolankhula zoona kwa munthu amene sakufuna kuzimva. Pabalaza paja aliyense ali ndi chimene akufuna kwa mnyamatayo. Kochi akufuna kupambana kuti asachotsedwe ntchito, wailesi ikufuna oonera, ochemerera akufuna chikho. Kawirikawiri kholo ndilo lokha limene linamukonda mnyamatayo asanadziwike kuti amathamanga, ndipo lidzamukondabe akadzaleka kuthamanga. Mawu a munthu wotere sangakhale olemera chimodzimodzi ndi a ena onse.

Komabe pali chinthu chimodzi chimene kholo silingachite, ngakhale litakonda chotani. Silingakadzuke m'malo mwa mwana mbandakucha kukanyamula zitsulo, silingakalandire mawu aukali a kochi, silingakakhale pa benchi chaka chathunthu kudikira mpata, ndipo silingakagundidwe. Zaka zitatu kapena zinayi zimenezo adzazikhala ndi mwanayo, m'thupi lake. Munthu amapirira mosiyana pa njira imene anasankha yekha ndi pa njira imene anakankhidwirapo. Zikavuta pa njira ya iye mwini, amadzifunsa kuti, "Ndichite chiyani tsopano?" Zikavuta pa njira imene anamusankhira, amafunsa kuti, "Anandichitiranji zimenezi?" Funso loyambalo limakulitsa munthu. Lachiwirilo limadya chikondi cha pakati pa kholo ndi mwana pang'onopang'ono, ngati chiswe m'mtengo wa denga.

Wina anganene kuti tingoona mmene zinathera, tidziwe amene analondola. Landon Collins anatenga chikho cha dziko ndi Alabama m'chaka chake choyamba, ndipo mu 2015 anatengedwa ndi timu ya New York Giants. Alex Collins anachita bwino kwambiri ku Arkansas kwa zaka zitatu, ndipo mu 2016 anatengedwa ndi Seattle Seahawks. Ndiye kuti amayi aja analakwitsa? Kuweruza kotere n'kokoma koma n'kosalungama. Bondo limodzi likadathyoka m'chaka choyamba, anthu omwewo akadati mawu a akulu akoma akagonera. Zotsatira za masewera zimadalira zinthu zambiri zimene kholo kapena mwana sakadaziona pa tsiku losaina. Ngati tikufuna kudziwa amene anachita bwino, tiyenera kuyang'ana zimene aliyense anachita ndi zimene ankadziwa pa tsikulo, osati zimene mwayi unabweretsa pambuyo pake.

Apa zingatithandize kusiyanitsa zinthu zitatu zimene timakonda kuzisakaniza: kulangiza, kuvomereza, ndi kusankhira. Kulangiza ndi kuika patebulo zonse zimene ukuona, mosabisa ndi mosaopseza. Kuvomereza ndi kuyang'ana chimene mwana wasankha n'kunena ngati ungaikepo dzina lako. Kusankhira ndi kutenga chisankhocho m'manja mwake. Ife a m'gulu lino kusiyana kumeneku tikukudziwa kuchokera ku lamulo la ukwati m'Chikhulupiriro cha Bahá'í, momwe awiriwo amasankhana okha, makolo sawasankhira, komabe ukwati suchitika popanda chilolezo cha makolo. Kusankha sukulu si ukwati, ndipo sitikunena kuti lamulo limenelo likugwira ntchito apa. Tikungobwereka chithunzi chake, chifukwa kalata ya maina awiri ija inamangidwa mofananako. Dzina la mwana linali la wosankha. Dzina la kholo linali la mlonda, woona kuti mwana wosakhwima asamangidwe ndi anthu ochenjera pa chinthu chomuwononga.

Mphamvu ya mlonda ndi yeniyeni. Kholo likaona kuti mwana akunamizidwa, kuti sukuluyo ilibe maphunziro amene akufuna, kapena kuti akupita m'manja mwa munthu wankhanza, kukana kusaina ndi udindo wake. Koma mphamvu yomweyo ikhoza kutembenuzidwa. Kholo likakana masukulu onse kupatula imodzi, silikuvomereza kapena kukana ayi, likusankha, kungoti ladzera khomo la kuseri. Taganizirani mlonda amene anapatsidwa makiyi kuti akuba asalowe, iye n'kuwagwiritsa ntchito kutsekera mwini nyumba m'kati. Makiyi ndi omwewo, loko ndi yomweyo. Chasintha ndi chifukwa chimene dzanja likupotokolera kiyiyo.

Ndipo pa chifukwa pamenepa ndi pamene nkhaniyi imavutira, popeza mtima wa kholo sukhala ndi chinthu chimodzi. Mayi akati, "Ndikufuna ukhale pafupi," m'mawu amenewo mukhoza kukhala nzeru, chifukwa akumudziwa mwana wake kuti akakhala yekha amasochera. Mukhozanso kukhala mantha a nyumba yopanda phokoso. Mukhoza kukhala chikondi cha timu imene banja lakhala likuchemerera kuyambira nthawi ya agogo, kapena manyazi a zimene anzawo a kuntchito ndi a kutchalitchi adzanene mwana akakavala malaya a mdani. Zonsezi ndi za umunthu, ndipo palibe chonyansa pa izo. Vuto limayamba pamene zavala chovala chimodzi n'kutuluka zonse ndi dzina lakuti "ndikufunira iwe zabwino." Mwana amamva kuti pali chinachake chosalongosoka, koma sangachitsutse, chifukwa ndani angatsutse kholo lomufunira zabwino? Kukadakhala kuona mtima, ndiponso kukadamulemekeza mwanayo, kunena kuti, "Ichi ndikunena chifukwa cha iwe, koma ichi ndikunena chifukwa cha ine: ndidzakusowa." Mawu achiwiriwo mwana akhoza kuwalandira ndi chifundo, n'kuwayeza pa muyeso wake woyenera.

Pali chifukwa china choopsa kuposa izi. Mu 2010 Cam Newton anali wosewera wopambana onse m'mayunivesite a ku America. Anatenga mphoto ya Heisman, ndipo timu yake ya Auburn inatenga chikho cha dziko mu Januwale 2011. Koma m'kati mwa chaka chimenecho zinaululika, ndipo bungwe loyang'anira masewerawa la NCAA linatsimikiza, kuti pa nthawi imene mnyamatayu ankasakidwa, bambo ake anafuna ndalama kuti mwana wawo apite ku Mississippi State. Ndalama zimene zinatchulidwa zinafika madola 180,000. NCAA inati sinapeze umboni wakuti Cam ankadziwa, ndipo inamulola kupitiriza kusewera. Ena anawateteza bambowo ponena kuti mayunivesite ndi makochi ankapanga mamiliyoni pa thukuta la anyamata osalipidwa, ndiye n'chifukwa chiyani banja lokha lisapindule? Mfundo imeneyo ili ndi mano, ndipo pambuyo pake makhoti a ku America anaigwirizana nayo pa zambiri. Koma siyankha funso lathu. Ngati mwanayo sankadziwa, ndiye kuti tsogolo lake linaikidwa pa msika iye kulibe. Kupanda chilungamo kwa yunivesite sikusandutsa mwana kukhala katundu wa bambo ake.

Tiike pambali pake banja lina. Archie Manning anali ngwazi ya yunivesite ya Mississippi, imene amaitcha Ole Miss, kotero kuti liwiro la magalimoto pa sukulupo analiika pa mamailosi 18 pa ola polemekeza nambala ya malaya ake. Mwana wake Peyton atakula n'kukhala woponya mpira wofunidwa ndi aliyense, anthu a ku Mississippi ankaona ngati nkhani yatha kale. Mu 1994 Peyton anasankha Tennessee. Bambo ake anamuthandiza kufufuza masukulu, koma chisankho anamusiyira, ndipo mkwiyo wa ochemerera amene anawatcha osakhulupirika anaulandira iwo. Patapita zaka, mng'ono wake Eli anasankha yekha Ole Miss, ndipo mu 2022 mdzukulu wawo Arch anasankha Texas. Chimene chikutikhudza apa si kukhala chete kwa bamboyo, chifukwa sanakhale chete. Ndi chakuti analola kutaya kanthu kake, dzina lake pakati pa anthu amene ankamukonda, kuti chisankho chikhaledi cha mwana.

Komabe tisamuyamikire mopitirira n'kuiwala chilungamo kwa amayi aja. Archie Manning anasewera mu NFL zaka zambiri. Ankadziwa chinenero cha makochi, ankatha kusiyanitsa lonjezo ndi bodza, ndipo tikiti ya ndege yopita ku Tennessee sinali nkhani kwa iye. Mabanja ambiri amene ana awo amasakidwa si otero. Kwa ambiri mwanayo ndiye woyamba kulowa yunivesite, ndipo mtunda wa makilomita 1,500 umatanthauza kumuona pa kanema pokha. Kumasula dzanja n'kosavuta kwa amene akudziwa kuti akafuna akwera ndege mawa. Kwa wosauka kumasula dzanja kumadula kwambiri, ndipo tikamaweruza tiyenera kukumbukira mtengo umene aliyense akulipira.

Zimenezi zikutifikitsa pa nkhani ya ngongole. Kumbuyo kwa mnyamata aliyense wa nyenyezi zisanu kuli munthu amene anamuyendetsa ku maphunziro a mpira kwa zaka khumi, anagula nsapato pamene ndalamazo zinali za magetsi, anakhala pa mvula kuonerera. Kodi munthu ameneyo alibe gawo pa chisankho? Mtima wathu umati ali nalo, ndipo sunama. Mwana amene amaiwala zimenezi ndi wosayamika, ngakhale atavala mphete zingati za chikho. Koma tiyeni tifunse bwino: nsembe imeneyo inali mphatso kapena inali katapila? Ngati inali mphatso, chimene mwana ali nacho ndi ngongole ya kuyamika, ya ulemu, ya kusamalira makolo akadzakalamba, ndipo ngongole imeneyo siitha. Ngati inali katapila, ili ndi tsiku lobweza, ndipo tsikulo ndi la kusaina. Makolo ambiri akafunsidwa anganene ndi mtima wonse kuti inali mphatso. Koma pa ola la mkangano, mawu akuti "zonse zija ndinakuchitira" amatuluka okha, ndipo akatuluka mphatso ya zaka khumi imasanduka risiti.

Mwana nayenso ali ndi mbali yake, ndipo sitingamusiye ngati wosalakwa chifukwa chakuti ndi wamng'ono. Ufulu wosankha suchotsa udindo womvetsera. Kumvetsera kwenikweni si kudikira kuti kholo limalize kulankhula. Ndi kulola kuti mawu ake akhoza kukusintha maganizo, kubwereza nkhawa yake mpaka kholo litavomera kuti wamva, kenaka kufotokoza zifukwa zako mosanyoza. Mnyamata amene akufuna kuti amutenge ngati munthu wamkulu ayenera kuchita chimene akuluakulu amachita, ndicho kunena chisankho chovuta pamaso pa munthu amene chimupweteke, pa malo oyenera, nthawi idakalipo. Chimene makamera aja anaonetsa ndi kusagwirizana kumene kunafika pagulu kusanathe kunyumba. Ndipo apa mwambo wa zipewa patebulo uli ndi mlandu wake. Unakonzedwa kuti ukhale wodzidzimutsa, chifukwa chodzidzimutsa ndicho chimakoka oonera. Banja limene lalowa m'mwambo umenewo lisanamvane lapereka nkhope ya mayi kuti ikhale zosangalatsa za anthu osawadziwa.

Kukambirana kumene kukadateteza banja ku zimenezi sikuyamba sabata yosaina. Mnyamata amene sanaloledwe kusankha chilichonse mpaka zaka 17 sangadzuke tsiku limodzi ali wodziwa kusankha yunivesite, ndipo kholo limene silinazolowere kumva mwana akutsutsa mwaulemu lidzamva ngati kuukira pa tsiku limene adzayambe. M'mera mpoyamba. Pamene kholo ndi mwana azolowera kuyang'ana nkhani limodzi, funso limasintha. Silikhalanso lakuti apambane ndani pakati pa awiriwo, limakhala lakuti choona n'chiti pa sukulu iyi ndi iyo: ndi osewera angati amene amamaliza digiri, kochiyu wakhalapo zaka zingati, mwana akavulala thandizo lake lipitirira kapena ayi. Mafunso otere kholo ndi mwana akhoza kuwafunsa atakhala mbali imodzi ya tebulo, kochi ali mbali inayo.

M'zaka zapitazi zinthu zasintha kwambiri. Kuyambira 2018 pali kaundula wa osewera ofuna kusamuka sukulu, ndipo tsopano mnyamata akhoza kusamuka n'kuyamba kusewera osadikira chaka monga kale. Jacob Copeland mwiniyo anamaliza mpira wake wa ku yunivesite ku Maryland, osati ku Florida. Kuyambira pa 1 Julayi 2021 osewera amaloledwa kulandira ndalama chifukwa cha dzina ndi chithunzi chawo, ndipo kuyambira 2025 yunivesite ikhoza kugawira osewera ake mwachindunji ndalama, zimene malire ake m'chaka choyamba anali pafupifupi madola 20.5 miliyoni. Kalata yakale ija inathetsedwa mu Okutobala 2024, m'malo mwake munalowa mapangano olembedwa a thandizo la sukulu. Mbali ina katundu wapepuka, chifukwa chisankho cholakwika sichimanganso mnyamata zaka zonse. Mbali ina walemera. Zimene bambo a Cam Newton ankafuna mobisa tsopano zimakambidwa poyera, ndipo m'mabanja ambiri kholo ndilo limakhala patsogolo pokambirana za ndalama. Mnyamata wa zaka 18 akhoza kulandira pa chaka chimodzi zoposa zimene mayi ake alandira pa zaka khumi. Kusiyanitsa "chifukwa cha iwe" ndi "chifukwa cha ine" kunali kovuta pamene nkhani inali ya mtunda chabe. Nanga pamene lendi ya nyumba ndi fizi ya abale ake zikudalira sukulu imene asankhe?

Tibwerere kwa Alex Collins, chifukwa nkhani yake ili ndi mbali imene sitinaikhudze. Pa tsiku lija panalibe kholo limodzi ndi mwana, panali makolo awiri osiyana maganizo, ndipo lamulo linalola kuti dzina la mmodzi lifafanize kukana kwa mnzake. Ife tikuona kuti bambowo sanalakwe kusaina, popeza mwana anali atasankha sukulu yodziwika, pa zifukwa zake, ndipo nkhawa ya mtunda payokha sinali yokwanira kumutsekera khomo. Koma sitinganene kuti panalibe chotayika. Mayi amene kukana kwawo kwadutsidwa ndi siginecha ya wina, atolankhani a dziko lonse akulemba za iwo, anavulazidwa pa malo amene chikho sichipoletsa. Alex anasewera mu NFL, makamaka ku Seattle ndi ku Baltimore, ndipo anamwalira pa ngozi ya njinga yamoto mu Ogasiti 2023 ali ndi zaka 28, kumwera kwa Florida komweko, kufupi ndi kwawo.

Pokambirana lero, aliyense wa ife ayese kukhala pa mpando wa bambo aja usiku wa pakati pa masiku awiriwo. Mwana wanu wakupemphani kuti musaine mawa. Mayi ake akana lero, pamaso pa anthu. Cholembera chili m'manja mwanu, ndipo lamulo likukulolani. Musanalembe dzina lanu, mupita kukalankhula ndi yani, ndipo mukamuuza chiyani?